Galaja ya ku Highfield imene inapeza podontha madzi a injini

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, muvi wa kutentha kwa injini unayamba kukwera nthawi iliyonse ndikaima pamzere wa magalimoto mumsewu wa Simon Mazorodze ku Harare, ndipo m'mawa uliwonse ndinkathira madzi pafupifupi lita imodzi. Amalume a ku Mufakose ndiwo anandilozera kagalaja kena ka ku Highfield, ka bambo wachikulire amene makolo awo anachokera ku Dedza.

Chimene chinandikhutiritsa ndi chakuti sanathamangire kumasula injini. Anadikira kuti izizire asanatsegule chitsekerero cha rediyeta, pakuti madzi otentha amathovoka n'kuwotcha nkhope. Anayang'ana oyilo ngati wasanduka ngati tiyi wamkaka, chizindikiro chakuti gasiketi (chomatira cha pamutu pa injini) yapsa, koma anali bwino. Kenako anapopera mpweya m'rediyeta ndi kapampu kamanja, ndipo timadontho tinaonekera pa paipi yapansi, imene inang'ambika pafupi ndi chomangira. Anayesanso thermostat (kavavu kotsegulira madzi njira yopita ku rediyeta injini ikatentha) m'madzi owira, n'kundionetsa kuti sikutseguka mokwanira.

"Achimwene, madzi a pachitsime mwawakonda kwambiri," anatero akundionetsa dzimbiri la m'chitsekerero. Anatsuka rediyeta yonse, n'kuthiramo coolant (mankhwala oziziritsa injini ndi kuiteteza ku dzimbiri) wosakaniza ndi madzi theka ndi theka.

Chodandaulitsa n'chakuti malowo ndi opanikizika, alibe pokhala, ndipo ndinayembekezera maola 5 chifukwa paipi anakaigula kutauni. Mtengo anandiuza ntchito isanayambe, ndipo zida zakale anandibwezera m'manja. Papita milungu 6 tsopano, muvi sunadutsepo pakati.