Chiphaso cha pamsika ku Kasungu: kudula n'kosavuta, kulondola ndalama ndiye ntchito

Ku Kasungu kuli makhonsolo awiri ndipo anthu ambiri amawasokoneza. Pa Boma pali khonsolo ya tauni, pomwe misika ya ku Santhe, Chamama, Nkhamenya ndi Chinkhoma ili m'manja mwa khonsolo ya boma. Onsewa mphamvu zotolera ndalama amazitenga m'lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, lomwe limawalola kutolera msonkho wa nyumba ndi malo, ndalama za malaisensi komanso ziphaso.

Ndalama zochokera ku Lilongwe, monga za CDF (thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu) ndi za zaumoyo, zimabwera zitamangidwa kale pa ntchito zake. Tsache la wosesa, mafuta a galimoto yotaya zinyalala ndi malipiro a mlonda wa pamsika zimadalira kwambiri zomwe khonsolo yatolera yokha. Apa mpamene chiphaso chimakulira.

Kayendedwe kake, pa pepala, n'kabwino ndithu. Wotolera amasainira buku la ziphaso za manambala otsatizana. M'mawa amazungula mabenchi, maokala ndi oyala pansi, kung'amba chiphaso n'kupatsa wamalonda, chitsa n'kutsala m'buku. Madzulo mkulu wa msika amawerenga zitsa: zikang'ambidwa 80, ndalama zikhale za anthu 80. Kenako zipite ku banki zonse zisanagwiritsidwe ntchito. Wamalonda sayenda mtunda, safola pamzere, ndipo amalipira tsiku lomwe wayala basi. Pamenepa sitidandaula.

Dengu limadontha malo atatu, ndipo izi n'zofala m'misika yambiri mdziko muno. Koyamba ndi "ingopatsani theka, chiphaso chisiyeni". Mayi wa tomato amaona ngati wapulumutsa, koma theka lija silifika ku ofesi, ndipo mawa akakangana ndi wina pa malo alibe umboni. Kwina ndi chiphaso chopanda deti, chomwe chimatoledwa pansi n'kugulitsidwanso. Kudontha kwakukulu ndi kudya ndalama zisanafike ku banki: misika yakumidzi ili kutali ndi banki, ndalama zimagona m'thumba masiku angapo, wina n'kutapako ya mafuta a njinga yamoto, kulemba kudzachitika "mawa".

Nyengo nayo imasewera. Fodya akayamba kugulitsidwa ku Chinkhoma cha mu Epulo, kabwandire amadzaza mpaka mumsewu. Januwale ndi Febuluwale msika umachita zii, chonsecho zinyalala za mango ndi matope zili pachimake. Khonsolo yomwe sinasunge za nthawi yokolola imayamba kukhala ndi ngongole za malipiro, ndipo wotolera wosalipidwa miyezi iwiri mukudziwa komwe amayang'ana. Chaka cha ndalama za boma chimatha pa 31 Malichi, nyengo yovutayi isanatheretu.

Kulipira pafoni kungatseke mabowo awiri oyamba, koma kumafuna netiweki yodalirika ndi uthenga wotsimikiza wofika kwa wamalonda, osati kwa wotolera yekha.

Ife tikuti potolera ntchitoyi ili bwino pa pepala, pofotokoza komwe ndalama zapita ndi yofooka. Bambo kapena mayi wapamsika, onani nambala ndi deti pachiphaso musanapereke ndalama, ndipo muzisunga ziphaso za mwezi wonse m'kajumbo. Komiti ya msika ipemphe kudzera kwa khansala kuti zotoleredwa mwezi uliwonse zizimatidwa pachipata, pambali pake palembedwe tsiku lomwe chimbudzi chinapopedwa komaliza.