Model ya DNA ya K38,000: ma T anaperewera, wogulitsa akuti ndiikepo U

Aphunzitsi anzanga a Biology amene mwakhala mukundifunsa za model ya DNA ija, ndiyankhe pano kamodzi. Ndi yomwe ija imazungulira m'magulu a WhatsApp, ya tizidutswa ta pulasitiki tolumikiza, ine ndinaigula K38,000, ndalama yotumizira padera. Ndinapereka ya m'thumba mwanga, chifukwa ndikanadikira sukulu, ana a Fomu 4 akanalemba mayeso asanaione. Wogulitsa anandilonjeza masiku atatu, katundu anafika patatha masabata awiri, ndinakamutenga kudepoti ku boma katoni itaphwanyika kona. Zimenezo ndi za pamsewu, sindinazisunge kumtima.

Chinandiwawa chinachitika Lachiwiri m'kalasi. Kulakwa kwanga n'koti sindinawerenge tizidutswato kunyumba. Dzulo lake ndinali nditalemba pabolodi kuti DNA ili ngati makwerero opotoka, ndipo popondapo pake pamapangidwa ndi zilembo zinayi zogwirana ziwiriziwiri, A ndi T, G ndi C. Ndinawauzanso za Erwin Chargaff, amene anapeza kuti mu DNA kuchuluka kwa A kumalingana ndi kwa T, ndipo kwa G kumalingana ndi kwa C, mfundo imene inathandiza Watson ndi Crick kufotokoza maonekedwe ake mu 1953. Ndiye ana ali m'magulu, thukuta lili kamukamu ndi dzuwa la kuno mukulidziwa, mtsikana wina wa kutsogolo n'kukweza mkono: "Madamu, ma T atha."

Tinakhuthulira zonse patebulo n'kuwerenga. A 20, G 20, C 20, T 11. Ma A 9 anangotsala ali okhaokha ngati mbeta paukwati. Pansi pa katoni panali kapepala ka pulasitiki ka ma U 10. Mnyamata wina kumbuyo akuti, "Ndiye Chargaff uja ananama, Madamu?" Kalasi yonse inafa nako kuseka, ine nkhope ili gwaa.

Pa buleki ndinamuimbira wogulitsayo. Ndinayamba mwaulemu ndithu: "Achimwene, ma T akuperewera 9." Yankho lake ndi limene landilembetsa zonsezi. "Aaa madamu musavutike, ikanipo ma U aja, bowo lake ndi limodzimodzi. Ana sangadziwe."

Ana sangadziwe! Ine ndimadzuka m'mamawa kuti anawo adziwe. U ndi uracil, ndipo malo ake ndi mu RNA, mbale wake wa DNA amene amathandiza maselo kupanga mapuloteni. DNA imakhala ndi thymine, T uja. Kusiyana kwa ziwirizi ndi kumene ndimawaumiriza kuloweza: DNA zingwe ziwiri, RNA nthawi zambiri chimodzi, shuga wake wina deoxyribose wina ribose, kwina T kwina U. Ndikanamvera iyeyo, mwana akanagwira ndi manja ake chinthu chabodza, ndipo zimene wagwira ndi manja sizichoka m'mutu ngati za pabolodi. Ndinamufotokozera, iye n'kumangoti "chabwino madamu, titumiza mawa." Mawa ameneyo watha mwezi. Mauthenga akuwerenga, kuyankha ayi, koma tsiku lililonse akuika zithunzi za katundu watsopano pa status.

Ma T osowawo tinadula pachigubu chakale cha mafuta ophikira n'kulembapo ndi maka. Oipa maonekedwe, koma akugwira.

Tsopano ndinene chilungamo, chifukwa mkwiyo wanga uli pa munthuyo. Model payokha anaipanga bwino. Ukaimanga imapotokera kumanja monga mmene DNA ya m'maselo athu imakhalira, pomwe zithunzi zina za m'mapamfuleti zimapotokera kumanzere. A ndi T zimalumikizana ndi timano tiwiri, G ndi C titatu, ndiye mwana sangakakamize A pa C, ndipo akamakoka amamva yekha kuti G ndi C n'zolimba. Ngakhale pa bowo paja wogulitsa sananame, U imagwiranadi ndi A ndi timano tiwiri. Kungoti sankadziwa chimene akunena.

Ndipo ma U omwewo ndi amene anandipatsa phunziro labwino kuposa onse chaka chino. Tinkakamba za matenda a sickle cell. Ndinamangitsa kachidutswa ka jini (gawo la DNA lokhala ndi malangizo opangira puloteni) ya beta-globin, imene ili pa kromozomu 11, umodzi mwa mitolo ya DNA ya m'maselo athu. Beta-globin ndi mbali ya himogulobini, puloteni yonyamula okosijeni m'maselo ofiira a magazi. Mawu oti "majini" kuno ku Mangochi muziwatchula mosamala, ana amayamba kuyang'anana poganiza za majini a mizimu aja, ine ndimayamba ndawachenjeza. Tinaika G, A, G. Kenako ndinauza mwana mmodzi achotse A wapakati aikepo T, inzake ya mbali inayo isinthenso. Chilembo chimodzi basi. Tikakopera ku mRNA, RNA yonyamula uthenga wa jini, ndi ma U aja, GAG yasanduka GUG, ndipo pamalo a 6 pa mndandanda wa ma amino acid, timagawo topanga puloteniyo, pamalowa valine m'malo mwa glutamic acid. Himogulobini yotero imamatana mpweya wa okosijeni ukachepa, maselo ofiira n'kupindika ngati chikwakwa. Wotengera jiniyi kwa kholo limodzi lokha kawirikawiri sadwala, ndipo amatetezekako ku malungo aakulu, n'chifukwa chake imapezeka kwambiri kumadera a udzudzu ngati kuno kunyanja.

Mnyamata wa Chargaff uja nthawi imeneyi sankaseka. Anafunsa motsitsa mawu kuti, "Madamu, nanga bwanji mwana amabadwa bwinobwino, n'kudzayamba kutupa manja patapita miyezi? Chilembocho si chinasintha kale asanabadwe?" Sindinamufunse kuti akunena za ndani.

Apa model inalibe kachidutswa koyankhira. Ndinatuma mwana kukatenga mapegi oyanikira zovala kunyumba ya aphunzitsi. Ndinawauza kuti maselo a munthu ali ndi DNA yofanana, koma si jini iliyonse imene imawerengedwa nthawi zonse, zina zimatsekedwa zina zimatsegulidwa. Mwana ali m'mimba amapanga himogulobini ya mtundu wina, HbF, yochokera ku majini ena a pa kromozomu 11 yomweyo, ndipo imeneyi simatana. Akabadwa, puloteni yotchedwa BCL11A imathandiza kutseka majini amenewo pang'onopang'ono, jini ya beta ija n'kutenga malo, ndiye zizindikiro zimayamba cha pa miyezi 6. Ndinapana pegi, woimira BCL11A uja, kumayambiriro kwa chingwe chimodzi, pamene enzyme yokopera imayambira, n'kuuza mwana ayendetse chala. Chala chinaima pa pegi. Mankhwala a hydroxyurea amene odwala ena amalandira amachulukitsanso HbF, ngati kumasulako pegi uja pang'ono. Belu linalira ana osadzuka.

Ndiye nyenyezi ndipereka zitatu pa zisanu. Ndinkafuna kupereka imodzi. Pulasitiki yake imafewa ikakhala pawindo masana, muziisunga mukabati. Mukafuna kugula, muuzeni awerenge zilembo zonse pavidiyo musanatumize ndalama, A alingane ndi T, G alingane ndi C. Ndipo achimwene, ngati mukuwerenga pano, ma T anga 9 ndikuwadikirabe, a chigubu aja ayamba kufufutika.