ABBA Voyage ku London, shoo yoti maso amakana kuti ndi sikirini

Amene muli ku London kapena mukupitako, ngati mumakonda zisudzo ndi zovinavina, ABBA Voyage, shoo ya gulu loimba la ku Sweden la ABBA, musaiphonye. Inayamba mu Meyi 2022 mu holo yomwe anachita kuimangira shoo yomweyi, ABBA Arena ku Queen Elizabeth Olympic Park, mumalowa anthu 3,000 ndipo mukangotsika sitima ya DLR pa Pudding Mill Lane ndiye kuti mwafika kale.

Ambiri amati oimba omwe amaoneka pa siteji ndi ma hologram, zithunzi zoyandama m'malere, koma ayi ndithu. Kutsogolo kuja kuli sikirini yaikulu ya LED, ma pixel 65 miliyoni, ndipo oimba anayi a ABBA, Agnetha, Björn, Benny ndi Anni-Frid, amaoneka pamenepo pa msinkhu wa munthu weniweni, nkhope zaunyamata ngati mmene analili kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Chimene chimakunyenga ndi magetsi. Laiti ikaphethira pa sikirini, laiti ina yeniyeni kudenga kwa holo imaphethiranso nthawi yomweyo mtundu womwewo mpaka kukuwalira pa malaya ako, ndiye maso amalephera kupeza pomwe pathera chithunzi ndi pomwe payambira holo, umangoona siteji yakuya ngati ungathe kukwerapo. Ine zimenezi zinandigwira mtima kwambiri.

Koma chimene ndikufuna ndinene kwenikweni ndi thupi. Anthu anayiwa ali okalamba kale anavala masuti a motion capture, othandiza kompyuta kujambula mayendedwe a thupi, kwa masabata asanu, makamera 160 akuwajambula akuimba, kampani ya Industrial Light & Magic nkutenga zonsezo kupanga zithunzizi, ovina achinyamata anabwerezanso mayendedwe omwewo kuti thupi lioneke lopepuka, ndipo amene anayang'anira kavinidwe ndi Wayne McGregor wa ku Royal Ballet. Ndiye chifukwa chake sizikuoneka ngati gemu ya pa kompyuta. Onani mmene phewa limagwera munthu akamaliza mzere wa nyimbo, kapena mmene azimayi awiriwa amayang'anizana mwachidule asanatembenuke, tinthu ting'onoting'ono timeneto ndi ta anthu omwe anaimbira limodzi zaka zambiri, makina anangotinyamula.

Bandi ndi yamoyo, anthu 10 ali pambali pa siteji akuimbadi thukuta kamukamu, ndipo pena amawasiyira nyimbo okha. Ng'oma ya bandiyo umaimva m'chifuwa, ndipo ndiyomwe imawapatsa magazi anthu a pa sikirini aja.

Langizo langa, yang'anani kwambiri anthu anayi a pakati aja osati nkhope zazikulu zomwe zimatuluka m'mbali, pafupi kwambiri khungu limaoneka losalala mopitirira, nkhope ndiye chinthu chovuta kwa kompyuta mpaka pano. Pa matikiti pali mipando, pali timabwalo ta magulu, komanso malo oimirira kutsogolo. Ngati miyendo ili bwino tengani oimirira, shoo yake ndi pafupifupi ola ndi theka yopanda buleki ndipo anthu amavina kuyambira poyamba mpaka pomaliza, agogo ndi zidzukulu zomwe. Salola kujambula ndi foni, ine ndinagwirizana nazo chifukwa kuwala kwa mafoni kungaononge mdima womwe magetsi aja amadalira. Gulani tikiti pa intaneti nthawi ilipo makamaka mukafuna Loweruka madzulo.