Kompositi, bayogasi kapena dziwe la ndowe: njira iti imateteza mtsinje?

Aliyense woweta ziweto kumtunda kwa mtsinje ali ndi anthu kumunsi amene amamwa zochokera m'khola mwake. Ndowe sizipita zokha kumadzi, imazitenga ndi mvula. N'chifukwa chake poyerekeza njira zitatuzi ine ndimafunsa funso limodzi: chimvula chikagwa usiku inu muli m'tulo, ndowezo zilowera kuti?

Nkhaniyi si yamasewera. M'chaka cha 2000 ku Walkerton m'dziko la Canada, mvula inakokolola ndowe za ng'ombe n'kulowetsa tizilombo ta E. coli m'chitsime cha tauniyo. Anthu 7 anamwalira ndipo oposa 2,000 anadwala. Palinso mchere wa nayitireti, wochokera m'ndowe, umene umalowerera pansi mpaka kufika m'zitsime. Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, limati usapitirire mamiligalamu 50 pa lita imodzi ya madzi akumwa, chifukwa umalepheretsa magazi a makanda kunyamula mpweya bwino. Fosiforasi wa m'ndowe nayenso amanenepetsa ndere ndi namasupuni, mpweya n'kutha m'madzi, nsomba n'kufa.

Tiyambe ndi kompositi, koma timvane: mulu wongounjika panja, wotuluka madzi akuda mvula ikagwa, si kompositi ayi. Madzi akudawo ndiye chakudya cha mbewu chimene chikuthawa. Kompositi yeniyeni imafuna denga, pansi pogangatidwa bwino kapena pa simenti, ndi ngalande yopatutsa madzi ochokera kumtunda. Mumasakaniza ndowe ndi mapesi, udzu wouma kapena utuchi, ndipo zabwino kwambiri ndi zimene zinayalidwa m'khola n'kumwa mkodzo, pakuti nayitrojeni wambiri amakhala mumkodzomo. Mulu ukatentha kufika madigiri 55 kwa masiku angapo, tizilombo tambiri toyambitsa matenda timafa, njere za udzu nazonso zimapserera. Vuto lake ndi thukuta. Muyenera kutembenuza kuti za m'mphepete zilowe pakati pamene pali kutentha, ndipo nayitrojeni wina amauluka ndi mpweya. Koma zimene zimatsala ndi zouma, zonyamulika, ndipo zingathe kudikira mpaka nthawi yobzala popanda kuyenderera.

Bayogasi, amene amapangidwa powoletsa ndowe m'thanki yotsekedwa, anthu amamukonda, ndipo ndikumvetsa. Mpweya wake, umene theka lake kapena kuposerapo ndi methane (mpweya woyaka), mumaphikira, nkhuni n'kupulumuka, fungo la khola n'kuchepa. Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti thankiyo simeza nayitrojeni kapena fosiforasi. Zonse zimatulukanso kumbali inayo, tsopano zili phala lamadzimadzi, lochuluka kuposa poyamba chifukwa munathiramo madzi. Mbewu zimalilandira msanga, komanso mvula imalikokolola msanga. Kutentha kwa m'matanki wamba sikupitirira kwenikweni madigiri 35, choncho tizilombo tina timatuluka tamoyo. Njirayi imayenera munthu amene nkhumba kapena ng'ombe zake zamkaka zimakhala m'khola tsiku lonse, ali ndi madzi okwanira, ndipo anapeza mmisiri wodziwa. Ngati alibe dzenje lomangidwa bwino ndi lofoleredwa lolandirira phalalo, wangosintha maonekedwe a vuto.

Dziwe la ndowe, limene mafamu aakulu a nkhumba amadalira, ndimaliopa. Limapeputsa ntchito chifukwa mumangotsuka khola zonse n'kutsetserekera komweko, koma pansi pake pakapanda kutsekedwa bwino limadontha mwakachetechete, ndipo chigumula chikabwera limasefukira. Zinachitika ku North Carolina m'dziko la America panthawi ya namondwe wa Floyd mu 1999, n'kubwerezanso ndi wa Florence mu 2018. Kwa mlimi wa ziweto zochepa sindiona chifukwa cholikumbira.

Ine ndiye ndimasankha kompositi yofoleredwa kwa woweta mbuzi, nkhuku kapena ng'ombe zingapo. Bayogasi abwere pamene ndowe zaziwisi zikupezeka zambiri tsiku lililonse, ndipo ngakhale pamenepo phala lotuluka likathiridwe pa mulu wa kompositi womwewo.

Zonse zitatu zimathera m'munda, ndipo pamenepo pamalakwika zambiri. Kuthira manyowa pa nthaka yokhuta madzi kapena mitambo itadetsa kale ndi kuwapereka kumtsinje ndi manja anu. Kuchulutsanso kumawononga. Mayiko a European Union anaika lamulo mu 1991 lakuti m'madera amene madzi ali pachiopsezo, nayitrojeni wochokera ku manyowa asapitirire makilogalamu 170 pa hekitala pachaka. Kwirirani manyowa ndi dothi mukangothira, siyani mzere wokhuthala wa udzu, monga vetiva, pakati pa munda ndi gombe, ndipo khola ndi mulu zikhale kumunsi kwa chitsime, mamita osachepera 30.

Chinanso, ng'ombe zikamamwa zitaima mumtsinje zimachita chimbudzi momwemo, ndipo ndowe zimenezo sizifika pa mulu kapena m'thanki iliyonse. Zimangireni chomweramo patali ndi gombe, ndipo tchingani njira imene zinazolowera kutsikira.