Kabokosi kophunzirira bias ya transistor: zida zabwino, kabuku kaulesi

Kabokosika ndikukapatsa nyenyezi 4 pa 5. Bias ndi kaikidwe ka magetsi pa miyendo ya transistor kuti igwire ntchito moyenera. M'kabokosimu muli breadboard (bolodi la timabowo tobayapo zida), ma resistor, potentiometer (resistor yopotokola), ma LED, cholumikizira batire ya 9 V, ndi ma transistor a NPN amitundu iwiri, BC547B ndi 2N3904. Multimeter (mita yoyezera magetsi) mulibe, mukhale nayo yanuyanu, apo ayi palibe chimene muphunzire.

Phindu lake lili pa ntchito yoyamba. Mumapotokola potentiometer pang'onopang'ono diso lili pa mita. Transistor ili ndi miyendo itatu: base, collector ndi emitter. Base ikakhala pansi pa 0.5 V, LED ili zii, transistor yatseka: cutoff imeneyo. Ikamayandikira 0.7 V, moto umayamba kudutsa, ndipo mukawonjezera pang'ono ku base, wa ku collector umakwera kwambiri. Apa ndi pa active, pomwe amplifier (chokulitsira signal) imagwirira ntchito. Mukapitirira, pakati pa collector ndi emitter pamatsala pafupifupi 0.2 V, ndipo ngakhale mupotokole bwanji LED siwalanso kuposa pamenepo. Yafika pa saturation, yasanduka switch basi.

Ntchito yachiwiri ndiyo inandigwira mtima. Ndinaika resistor ya 470k ku base ndi ya 1k ku collector, kenako n'kumasinthanitsa ma BC547B ochokera m'kathumba kamodzi. Ina inandipatsa pafupifupi 4.5 V pa collector, inzake inagwera cha ku 2 V. Si kuti inali yakufa ayi, beta (nambala yosonyeza kuti moto wa ku collector ukuposa kangati wa ku base) ya mtundu umenewu imayambira 200 mpaka 450. Kuifinya ndi zala kuti ifunde, manambala ankayamba kuyenda okha. Nditasinthira ku voltage divider (ma resistor awiri ogawa voltage yopita ku base) n'kuika resistor ku emitter, zonse zinakhala pafupifupi pamodzi. Amene waona zimenezi ndi maso ake sangakhulupirirenso fixed bias, njira ya resistor imodzi ku base ija, pa amplifier.

Dandaulo langa ndi kabuku. Chifukwa chimene resistor ya ku emitter imakhazikitsira zinthu sakufotokoza, angoti "ikani apa". Choipa kwambiri, chithunzi cha miyendo ndi chimodzi chokha, pomwe ma transistor awiriwa amasiyana: mukayang'ana mbali yafulati miyendo ili pansi, BC547 imayenda collector, base, emitter, koma 2N3904 imayenda emitter, base, collector. Mukatembenuza transistor imagwirabe mofooka, beta yochepa kwambiri, ndiye wongoyamba kumene angaganize kuti wagula yakufa. Yang'anani datasheet (pepala la opanga lofotokoza transistoryo) musanabaye pa breadboard.

PNP, mtundu wina wa transistor wosiyana ndi NPN, mulibe ngakhale imodzi, zomwe zandiwawa pang'ono. Mawaya ena ndi opyapyala, amazuka msanga.