Tiger Moth, Stearman kapena Jungmann: Yophunzirirapo Kugudubuzika M'mwamba Ndi Iti?

Zonse zitatu ndi ndege za mapiko osanjikizana zomwe zinapangidwa m'ma 1930 kuti aziphunzitsirapo asilikali, koma zimene zimakuphunzitsani ndi zosiyana.

Tiger Moth ya de Havilland ili ndi injini ya Gipsy Major ya mahatchi 130. Ma aileron ake (tizigawo ta kumbuyo kwa mapiko topendeketsa ndege) ali pa mapiko apansi okha ndipo ndi ofooka, choncho roll yake (kugudubuzika chammbali ndege ikupitabe kutsogolo) ndi yaulesi: mukafika chagada mphuno yayamba kale kugwa. Apo injini imatsokomola n'kuzima kaye, chifukwa mafuta amatsika okha kuchokera mu thanki yapamwamba, ndipo kabuleta yake siigwira ntchito ikazondoka. Mukatembenuka imayakanso. Ubwino wake uli pa mapazi: mukachedwa kuponda rudder (chiwongolero cha kumchira choyendetsedwa ndi mapazi), ndege imayenda chambali nthawi yomweyo. Loop (kukwera, kuzondoka n'kutsika mozungulira ngati gudumu) imalowedwa pa liwiro la pafupifupi mamailosi 115 pa ola, ndipo muyenera kuyamba mwatsika kuti mulipeze. Musanayambe, khomani ma slat, tizigawo totseguka tokha kutsogolo kwa mapiko apamwamba. Imodzi ikatseguka yokha pakati pa loop, ndege imapindikira mbali. Injiniyi imazungulira mosemphana ndi za ku America, motero stall turn (kukwera choimirira mpaka liwiro litatha, n'kukhotera mbali kuyang'ana pansi) imaphweka kumanja, osati kumanzere. Funsaninso za ma tie rod (mipiringidzo yachitsulo) awiri odutsa pansi pa thupi la ndege, ogwira mapiko apansi. Amasinthidwa pakatha maola 2,000 kapena zaka 18, ndipo ndi amene anaduka pa ngozi ya Tiger Moth ina ku Queensland, ku Australia, mu 2013.

Stearman PT-17 ndi chimphona: makilogalamu pafupifupi 880 isanasenze kanthu, pomwe Tiger Moth ndi 500 ndi pang'ono. Injini yake ya Continental ya masilinda 7 ili ndi mahatchi 220, koma ambiri amathera pokoka thupi ndi mawaya. Mukamaliza loop ziwiri muyenera kukweranso, ndiye theka la ola lomwe mwalipira limathera pokwera. Nayo injini imazima chagada, ndipo ndodo yowongolera imafuna manja onse awiri pa roll. Komabe ndi yolimba kwambiri, malo okhala ndi otakasuka, ndipo imakuphunzitsani kusamala liwiro ndi kutalika. Musanalize injini, zungulitsani propela ndi manja: oyilo amadikha m'masilinda apansi ndipo angathe kupinda con rod, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi shafuti ya injini. Potera imakonda kuzungulira pansi mukangolekerera rudder.

Bücker Jungmann, ya ku Germany ya 1934, ndi ina. Ma aileron ali pa mapiko onse anayi, ndodo imamvera zala ziwiri, snap roll (roll yadzidzidzi, yofulumira kwambiri) imatuluka yoyera. Zambiri zimene zikuuluka lero ndi zopangidwa ndi kampani ya CASA ya ku Spain, za injini ya Tigre, ndipo zina anaziikamo Lycoming ya mahatchi 180 yotha kuyenda chagada. Vuto ndi lakuti munthu wamtali kapena wonenepa salowamo bwino, ndipo aphunzitsi ake ndi osowa.

Ngati mukufuna roll yeniyeni, pitani pa Jungmann. Ngati cholinga ndi loop, stall turn ndi barrel roll (roll yotambalala, ngati mukuzungulira mbiya), Tiger Moth ikupatsani mapazi abwino koposa Stearman, pa mafuta ochepa. Paliponse yambani ndi spin (kugwa mozungulira mapiko atasiya kunyamula ndege) muli ndi mphunzitsi. Ku America lamulo limaletsa masewerawa pansi pa mafiti 1,500, koma wophunzira ayambire pamwamba kuposa pamenepo kawiri kapena katatu.