Poto wamagetsi wa patebulo: amaphika bwino, koma pulagi yake sinandisangalatse

Poto ameneyu ndinamugula m'shopu ina ya zamagetsi m'tauni muno mu Mzuzu. Ndi uja wophika zambiri: amawiritsa, amakazinga, ali ndi kasefa kophikira ndi nthunzi, chivindikiro chagalasi, komanso kotembenuza kowonjezera kapena kuchepetsa moto. Ine ndimakhala ya lendi ku Chibavi ndi ana awiri, ndipo khitchini yathu ndi yapanja. Amene akuidziwa Mzuzu mu June ndi July, kapena mvula yathu ija yosadziwa kukata, akudziwa kuti kukoleza mbaula m'mamawa ana asanapite kusukulu ndi chintchito.

Pa kaphikidwe ndilibe naye mlandu. Mpunga wa Kilombero umapsa bwino osapserera pansi. Usipa wa ku Nkhata Bay ndimaukazinga momwemo, n'kuthira tomato ndi anyezi, ndiwo zatheka. Phala la ana silichedwa. Nyemba muziyamba mwazinyika usiku wonse, apo ayi mayunitsi atha muli chipenyere. Nsima yokha ndiye ayi. Potoyu ndi wopepuka, povundula amayendayenda patebulo, ndipo phala lotentha likhoza kukukhuthukirani pamiyendo. Kondowole ndiye musayese n'komwe, imafuna mphika wogwirika bwino. Zimenezo ndimaphikabe pambaula.

Chimene chinandidandaulitsa ndi pulagi. Anabwera ndi pulagi ya mano awiri obulungira, pamene masoketi athu ku Malawi kuno ndi a mabowo atatu. Wogulitsa anandiuza kuti ndizingolowetsa kamtengo pabowo lam'mwamba, pulagiyo ilowa. Ndinakana. Dzino lachitatu lija ndi la earth, ndipo ndi limene limakutetezani waya akakhudza chitsulo cha poto mkatimo. Popanda ilo, magetsi amadutsa mwa inu amene mwagwira potoyo, makamaka ngati mwaponda simenti yonyowa opanda nsapato. Ndinapita naye kwa mmisiri wa zamagetsi, ndipo atadula chingwe tinapeza kuti waya wa earth, uja wobiriwira ndi chikasu, ulimo ndithu, kungoti pulagi imene ija sikanamulumikiza ku soketi zathu. Anaikapo pulagi ya mano atatu yokhala ndi fyuzi ya 13A. Ndi ntchito yaing'ono, ndipo ogulitsa akanamaichita okha asanapereke katundu kwa munthu.

Pansi pa poto wanga analemba 1,300W. Ndiye kuti ola lathunthu pa moto wonse ndi mayunitsi 1.3, ngakhale amadya ochepera pamenepo chifukwa akatentha mokwanira amadzizimitsa yekha n'kuyakanso. Nambala imeneyi ili ndi ntchito inanso. Magetsi athu ndi a 230V, ndipo pulagi ya 13A imanyamula pafupifupi 3,000W basi. Ketulo zambiri zimadya 2,000W kapena kuposa. Mukalumikiza poto ndi ketulo pa ekisitenshoni imodzi, mwapyola kale malire. Komanso maekisitenshoni otchipa aja mawaya ake ndi opyapyala kwambiri, amatentha ndi kusungunuka ngakhale musanafike pamalirepo. Ine wanga ndimamulumikiza pa soketi yapakhoma, yekha. Mukagwira pulagi n'kumva kuti yatentha, kapena mukamva fungo la pulasitiki, zimitsani pompo, muitane mmisiri.

China choti musamale nacho ndi kuthima kwa magetsi. Potoyu sadziwa kuti magetsi anapita. Kotembenuza kaja kamakhala pomwe munakasiya, ndiye magetsi akabwera pakati pausiku kapena inu muli ku Zigwagwa kumsika, amayamba kutentha yekha, mwina ndi mafuta ali momwemo. Magetsi akangothima, ine ndimazimitsa pa soketi n'kuzula pulagi ndisanapite kukakoleza mbaula. Mwana wanga wamkulu ndinamuphunzitsanso zomwezo.

Chingwe chake ndi chachifupi. Ena angaone ngati n'kulakwitsa, koma ine ndimachikonda choncho, chifukwa sichilendewera poti mwana wokwawa n'kuchikoka. Muikeni patebulo lolimba, kutali ndi katani, osati pansi kapena pamkeka. Kabowo kotulukira nthunzi kaziloza kukhoma, ndipo potsegula muzipendeketsa chivindikiro kuti nthunzi ipite kutali ndi nkhope. Pokazinga, madzi a pachivindikiro asadonthere m'mafuta. Mafuta akayaka moto musathire madzi, zimitsani pa soketi n'kuvindikira.

Kutsuka n'kosavuta chifukwa mphika wamkati umachoka. Koma mbali yapansi yokhala ndi magetsi ija isalowe m'madzi, ingoipukutani ndi kansalu mutazula pulagi, ndipo mphikawo uume kunsi musanaubwezere. Mkati mwake anapakamo zija zoletsa chakudya kumatirira, ndiye waya wotsukira mapoto kapena supuni yachitsulo zimapalapasa n'kuwononga. Chikombe chamtengo ndi siponji zimakwanira.

Kwa wophunzira wa ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) amene akuchita lendi ku Luwinga, kapena banja laling'ono ngati langa, ndi wothandiza ndithu. Banja lalikulu awachepera. Mukamagula, muwauze amuyatse m'shopu momwemo muone kuti akutentha, muyang'ane pulagi, ndipo lisiti musalisiye.